Chaka Chimene Tinkatsuka Chilonda pa Migowi

Chaka chimene ndinalemba mayeso a Folomu 4, nandolo anabereka kwambiri kwathu. Mayi anandiuza kuti m'malo mokhala pakhonde n'kumadikira zotsatira ngati nkhuku yofungatira mazira, ndipite pa Migowi ndikafune ganyu. Ndinapita ndi mnzanga wa paubwana, mtsikana wamtali woimba kwaya kumpingo kwathu, yemwe tinalembera limodzi mayesowo. Anatilemba ntchito yosankha nandolo pa shedi ya bambo wina wa Chimwenye wa ku Limbe, amene ankabwera chaka ndi chaka nyengo yogula ikakwana.

Bamboyo sitinkawaona kawirikawiri, ankangokhalira kuyenda ndi lole. Woyang'anira shedi anali mwana wawo wamkazi, amene tonse tinkawatchula kuti Asisi. Anali aakulu kwa ife koma osati kwenikweni, ochepa thupi, a mawu aakulu kuposa msinkhu wawo. Anabadwira ku Limbe konko ndipo Chichewa ankachilankhula ngati ife, kungoti Chilomwe chimene timasakanizamo kuno chinkawadutsa. Sanali munthu wofatsa ayi. Akapeza timiyala m'thumba limene wasankha, ankalikhuthulira pansi lonse kuti uyambirenso. Kuseri kwa sikelo anali ndi kashelefu kamene ankaikapo chithunzi ndi kanyali ka mafuta, ndipo m'mawa uliwonse ankayatsa kanyaliko, n'kufukiza lubani, n'kuima chete manja ali pamodzi. Anali a chipembedzo cha Chihindu. Ine ndi mnzanga tinkangoyang'ana cham'mbali n'kumatsinana.

Tsiku lina kunja kukutentha, panafika mayi wina wokalamba ndi kambale, kudzatola nandolo wogwa pansi pokweza matumba. Tonse tinkawadziwa. Anabwera kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo ndipo sanabwererenso. Ali ndi mphamvu ankagulitsa matemba a ku Chilwa mumsika, ndipo ankatchuka ndi zinthu ziwiri: nsomba zabwino ndi pakamwa pakuthwa. Tsopano ankakhala okha m'kanyumba ka udzu kuseri kwa msika. Tsikulo ankakoka mwendo wamanzere umene anaukulunga ndi chigamba chakuda bii. Fungo linatipeza iwo asanafike, moti tinatseka mphuno ndi mipango.

Asisi anatuluka kuti akawathamangitse, chifukwa sankalola munthu kuyandikira matumba. Koma tinaona aima, awerama, kenaka akundikodola.

“Iwe, tabwera. Sindikumva zimene akunena. Afunse kuti mwendowu unayamba liti.”

Ndinafunsa m'Chilomwe. Mayiwo anandiyankha kuti mwendo ndi wawo, mmwenyeyo ayang'ane za sikelo yake.

“Akuti bwanji?”

“Akuti unayamba kalekale,” ndinatero.

M'mawa mwake Asisi anaitana wakabaza, ndipo atalimbana ndi mayi aja kwa nthawi yaitali anapita nawo kuchipatala. Kumeneko anawatsuka, anawapatsa mankhwala, n'kunena kuti chilondacho chikhoza kupola ngati chizitsukidwa tsiku lililonse ndi madzi owiritsa othira mchere, n'kumangidwa ndi bandeji yoyera. Pobwerera mayiwo analumbira kuti sadzakweranso njinga ya munthu mpaka imfa. Ndiye Asisi anatiitanira pambali ine ndi mnzanga.

“Ine ndizipita kukawatsuka nthawi yopuma masana. Ndikufuna womasulira ndi wothira madzi. Sindikukukakamizani. Si ntchito ya pa shedi, ndipo palibe chimene mudzalandirepo.”

Tinavomera. Popita kwathu madzulo mnzanga anandinong'oneza kuti, “Amatero poyamba. Udzaona, nyengo ikamatha pamakhala kachitenje.” Nanenso mumtima ndinali nditasankha kale mtundu wake.

Chilondacho chinali pamwamba pa kakolo, chachikulu ngati chikhatho changa, chakuya, m'mbali mwake muli mbuu. Tsiku loyamba ndinathawira kuseri kwa nyumba kukasanza. Pambuyo pake ndinazolowera. Tinkawiritsa madzi pa mbaula, n'kudikira kuti azizire. Ine ndinkagwira mwendo, mnzanga ankathira madzi pang'onopang'ono, Asisi ankapukuta ndi thonje kuchokera pakati kupita m'mbali monga anawaonetsera kuchipatala. Mayi aja ankatukwana kuyambira pamene tafika mpaka pamene tikuchoka. Ankati manja a Asisi ndi ozizira ngati a mtembo, ine ndimagwira mwendo ngati wa mbuzi yokupha, mnzanga ndi mlongoti wopanda nzeru. Tsiku lina anamenya theche beseni, madzi onse pa diresi ya mnzanga. Tsiku linanso anati tawabera chipande, chimene tinachipeza atachikhalira okha. Ine ndinkamasulirabe mofewetsa: akuti chikuwawa, akuti lero kwatentha.

Mnzanga ndi amene anatopa nazo poyamba. Tikubwerera ku shedi, pakati pa mabenchi a tomato, anaima.

“Asisi, mukudziwa kuti amakutukwanani? Uyutu amakunamizani pomasulira.”

Asisi anaseka mpaka ogulitsa anacheuka. “Ndikudziwa. Kutukwana sikufuna womasulira.”

“Nanga mumapitiranji? Ngakhale zikomo yekha, ayi ndithu.”

Asisi anayambanso kuyenda. Kenaka anatiuza kuti kwawo pali mawu akuti seva, kutanthauza kutumikira, ndipo mwana amawamva kuyambira ali wamng'ono. Chiphunzitso chake, anatero, n'chakuti ntchito imene yagwera pamaso pako ndi yako, uigwire ndi manja onse awiri, bwinobwino, ngati ukuipereka kwa Mulungu. Koma chimene chitulukepo si chako. Kaya ndi kuyamikidwa, kaya kunyozedwa, kaya ntchitoyo itheka kapena ikanika, zimenezo usazigwiritse ngati katundu wako.

“Ndiye kuti mphotho mukalandirira kumwamba,” anatero mnzanga, ngati wapeza poti agwirizane.

“Ukayamba kuwerengera za kumwamba, wayambanso malonda,” Asisi anayankha. “Wangosintha msika.”

Mnzanga sanakondwere nawo mawu amenewo. Masana onse anasankha nandolo mwaukali, ndipo popita kwathu anandiuza kuti ndi zimene zimachitika munthu akamapemphera kwa chithunzi.

Ine ndinakawafotokozera mayi, tikusenda chinangwa pabwalo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kufunsa kuti, “Munthu wolima osafuna kukolola? Ameneyo sanagonepo ndi njala.” Ndinaona kuti akunena zoona, ndipo m'mawa mwake ndinapita nawo mawuwo kwa Asisi, ndikuyembekeza kuti asowa choyankha. Anaganizadi kwa nthawi, akupemerera moto wa pa mbaula ndi chivundikiro.

“Amayi ako sakulakwa,” anatero. “Kufuna ndimafuna. Nanenso ndikufuna kuti chilondachi chipole. Koma ukawafunse kuti akamapalira, maso awo amakhala pa udzu kapena kunkhokwe. Woyang'ana kunkhokwe amadula chimanga ndi khasu.”

Tsiku lomwelo, tikudikira kuti madzi azizire, anatiuza za amayi awo. Anafa ziwalo mbali imodzi Asisi atangomaliza sukulu, ndipo iwo ndi amene anawasamalira kwa zaka zingapo: kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa ndi supuni. Chakumapeto, mutu wa amayiwo unasokonezeka. Ankangoitana mwana wawo wamwamuna amene anali kunja kwa dziko, woti ankangoimba foni mwa apo ndi apo. Amayiwo ankawayesa Asisi wantchito, ndipo ankawauza kuti mwana wanga akabwera adzakuchotsa ntchito.

“Ndinkakalirira kubafa,” anatero. “Bambo anga ndi amene anandikumbutsa chiphunzitsochi. Ndinakwiya nawo, ndinati n'chapafupi kulankhula kwa munthu amene sachapa zofunda. Koma tsiku lina ndikuwapesa tsitsi, ndinazindikira kuti tsitsilo likufunika kupesedwa basi, kaya mwini wake akundidziwa kapena ayi. Musaganize kuti ndinaphunzira. Ndikuphunzirabe.”

Tsikulo mnzanga anathira madzi mosamala kuposa masiku onse.

Mavuto anayambira pa thonje. Kuchipatala anati thonje ndi mabandeji ogwiritsa ntchito tiziwotcha, ndiye tinkazitengera m'jumbo n'kukaziwotcha kuseri kwa shedi. Anthu ankationa tikudutsa mumsika ndi jumbo ija masana aliwonse. Ankaona utsi kuseri, n'kumamvanso fungo la lubani m'mawa. Posakhalitsa inamveka nkhani yakuti mwana wa mmwenye akutenga magazi a nkhalamba kuti akhale chizimba cha malonda, n'chifukwa chake matumba akudzaza shedi. Kwathu kuno nkhani ya magazi si yoseweretsa. Alimi ena anayamba kudutsa ndi njinga zawo kupita ku masikelo ena. Tsiku lina masanasana mwala unagwa padenga la malata, tonse tinadzidzimuka.

Amayi ena a mumsika anapita kukafunsa mwini mwendo. Mawu awo amodzi okha akanazimitsa moto wonsewo. Koma anayankha kuti, “Ine ndidziwa bwanji kumene amapita nalo thonje langa?”

Wotiuza zimenezi anali mayi wina wophika zitumbuwa, woyandikana nawo nyumba. Asisi atamva, anatenga beseni lija n'kuliponya kukhoma.

“Ndawasambitsa ndi manja angawa! Mafinya awo andilowa m'zikhadabo! Akanangonena kuti ndi bodza, basi!”

Sitinawaonepo atakwiya choncho. Anayendayenda m'shedimo akulankhula chinenero cha kwawo. Kenaka anakhala pa thumba la nandolo, anapukuta m'maso ndi mpango, n'kuyamba kuseka kuseka kosakoma.

“Mwaona? Ndimakuuzani kuti sindifuna mphotho. Ndimafuna. Ndimafuna kuti pa Migowi pano azinena kuti mwana wa mmwenye uja ndi munthu wabwino. Chitenje changa ine chinali chimenecho.”

Ine ndi mnzanga tinayang'anana. Sitinkadziwa kuti za chitenje zija anazimva.

Makolo a mnzanga anamuletsa kupitanso kuseri kwa msika, ndipo iye sanalimbane nawo. Anandiuza kuti nkhalamba yosayamika ngati imeneyo isiyidwe ndi ntchentche zake. Patapita masiku ochepa bambo a Asisi anabwera ndi lole, analankhula ndi mwana wawo nthawi yaitali chitseko chili chotseka, ndipo anagamula kuti abwerere ku Limbe zinthu zisanaipe. Pa sikelo anaikapo bambo wina wa konkuno. Asisi analongedza chithunzi chawo ndi kanyali kaja m'kachikwama. Asanakwere lole anandipatsa katoni ya thonje ndi mabandeji.

“Sindikukuuza kuti upitirize,” anatero. “Ukaona kuti n'zoopsa, ukapereke katoniyi kuchipatala. Palibe amene adzakuimbe mlandu.”

Masana a tsiku lotsatira ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi chinangwa changa chophika, ndikuyang'ana katoni ija. Mayi aja ndinalibe nawo chikondi, ndinali nditawakwiyira ngati mmene anakwiyira anzanga. Koma ine ndi amene ndinkagwira mwendo, ndipo ndinali nditaona zimene ena sanaone bwino. M'mbali mwa chilonda munali mutayamba kufiira, khungu latsopano lopyapyala likulowa m'kati pang'onopang'ono. Ndinkadziwa kuti chikangokhala masiku ochepa osatsukidwa, zonsezo zibwerera pakale. Ndinanyamula beseni lopindika lija n'kupita.

“Mmwenye wako wathawa?” anandilonjera choncho.

“Apita ku Limbe. Tambasulani mwendo.”

Thonje ndinayamba kuliwotchera pabwalo pawo pomwepo, poyera, aliyense wodutsa akuona. Mayi wa zitumbuwa ankandiyang'ana ali pakhonde pake. Masiku oyamba ankangoyang'ana. Kenaka tsiku lina, ataona ndikuvutika kugwira mwendo ndi kuthira madzi nthawi imodzi, anabwera n'kunditengera kapu m'manja. Nkhani ya chizimba inazilala yokha, monga zimachitira nkhani za mumsika ikabwera ina yatsopano. Palibe amene anapepesa.

Zotsatira za mayeso zinatuluka kunja kukutentha kwambiri, phiri la Mulanje likuoneka mwa chizimezime chifukwa cha utsi wa moto wa m'tchire. Ndinakhoza, koma osafika pamene pankafunika kuti ndikaphunzire unamwino, umene ndinkaulota kuyambira ku pulayimale. Ndinachoka kusukulu kuja osadziwa kolowera. Sindinafune kupita kunyumba kukaona nkhope ya mayi, sindinafunenso kupita ku shedi kumene aliyense akanandifunsa. Dzuwa linali pamutu, nthawi yotsuka chilonda. Ndinapita kuseri kwa msika chifukwa kunalibe kwina kopita.

Ndinakoleza mbaula, ndinathira mchere, ndinamasula bandeji. Pamene inamatirira ndinanyowetsa kaye, n'kumakoka pang'onopang'ono kuti khungu latsopano lisang'ambike. Ndinapukuta kuchokera pakati kupita m'mbali. Mayi aja ankanena zawo za masiku onse. Nditamanga mfundo yomaliza ndi pamene ndinakumbukira kuti ndili ndi chisoni. Nthawi yonse imene manja anga anali pa mwendo uja, za mayeso zinali zitachokamo m'mutu, za chitenje, za Asisi, ngakhale za kukwiya kwanga. Munali chilonda ndi thonje basi. Chisoni chinabwereranso ndikutuluka pabwalopo, ndipo ndinalira njira yonse. Koma ndinali nditalawa kanthu kena, ndipo ndikuganiza kuti n'kamene Asisi ankavutika kutifotokozera pakati pa mabenchi a tomato. Poyamba ndinkayesa kuti chiphunzitso chawo ndi lamulo lolemetsa, lofuna anthu oyera mtima. Tsikulo ndinaona kuti mulinso mpumulo. Munthu amatopa kwambiri ndi kudikira kuti aone chimene apatsidwe kuposa ndi ntchito yeniyeniyo.

Sindinganene kuti kuyambira pamenepo ndinasiya kufuna kuyamikidwa. Mpaka lero ndikachita chabwino khutu limakhala tcheru. Kungoti tsopano ndimalizindikira likatero, ndipo nthawi zina ndimadziseka.

Chilonda chinatseka mvula yoyamba itagwa, anthu ali pakalikiliki kubzala. Panatsala chipsera chonyezimira. Mayi aja anachidina ndi chala, anaimirira, anayenda mpaka pa mtondo wawo n'kubwerera.

“Ndinkadziwa ine,” anatero. “Mwendo wa kwathu sufa ndi kachilonda.” Kenaka anandiuza kuti ndisabwerenso chifukwa ndikuwathera makala, ngakhale makalawo ndinkabwera nawo ndekha.

Anabwerera mumsika ndi kadengu ka matemba. Ndikadutsa ndinkawapatsa moni, iwo ankayankha ndi mphuno. Asisi sanabwerenso ku Phalombe. Ndinatumiza uthenga kudzera kwa dalaivala wa lole kuti mwendo wapola, koma sindikudziwa ngati unafika. Chaka chotsatira bambo awo anasamutsira malonda awo kwina, shedi ija inasanduka chigayo.

Ine ndinabwereza mayeso, ndipo pamapeto pake ndinakhala mphunzitsi. Ananditumiza kusukulu ya kufupi ndi nyanja ya Chilwa, kumene ana amajomba nthawi yokolola mpunga ndipo ena amakuthawa ukawaphunzitsa kuwerenga, n'kupita kukapalasa bwato. Mnzanga anakwatiwa ndi telala wa pa Migowi, ndipo ankachita lendi nyumba kuseri kwa msika. Tinkaonana mwa apo ndi apo ndikabwera ku tchuthi. Tinkacheza za ana, za kwaya, za mitengo ya zinthu. Za chaka chija sitinkazitchula.

Mayi aja anamwalira ndili kwathu pa tchuthi china, patapita zaka zambiri. Ndinapita kumaliroko ndikuganiza kuti kukakhala anthu ochepa, ndipo kunalidi ochepa. Ndinakhala pamphasa pafupi ndi mayi wa zitumbuwa, amene tsopano tsitsi linali litachita imvi. Ndinamufunsa kuti ankawasamalira ndani, poti ndinamva kuti anakhala chigonere nthawi yaitali.

“Simukudziwa? Mnzanu uja, mkazi wa telala. Dzinja lathali ndi linzake lapitalo. Kuwatembenuza, kuwachapira, kuwamwetsa phala. M'mawa asanatumize ana kusukulu, madzulo akachoka kumunda. Ine ndinkangothandiza pamene wadwala mwana.”

Ndinamupeza mnzanga kuseri kwa nyumba, akutsuka mbale za anthu a kumanda, chitenje chili m'chiuno.

“Bwanji sunandiuze?”

“Ndikanakuuza chiyani? Ndimakhala pafupi.”

“Anasintha?”

Anaseka. “Asinthe ndani? Sabata yathayi amandiuza kuti phala langa ndi lofanana ndi madzi otsukira mbale.” Anatsanulira madzi akuda pansi, n'kundiyang'ana. “Koma usaganize kuti ndinagwirizana nawo Asisi ako aja. Ine kumwamba ndikuyembekezako ndithu. Kungoti ukamamutembenuza munthu sukhala ndi nthawi yoganiza zimenezo.”

Madzi anali atatha mumgolo, ndipo anthu anali atayamba kubwerera kuchokera kumanda. Anandipatsa ndowa imodzi, iye anatenga inzake, tinapita ku mjigo.